Tsitsi la Mwana Wanga m'Kabotolo ka Alamu

Alamu anga, alongo awo aakulu a amuna anga, ndinayamba kuwaona pakhoma. Nditakwatiwa kuchoka kwathu ku Kaumbwe kubwela ku Nyimba, ndinapeza chithunzi chawo m'nyumba ya apongozi, atavala mkanjo wofiila ndi chisoti chofewa chonga chitumbuwa. Ndinafunsa ngati ndi abusa. Apongozi anaseka, nati ayi, ameneyo ndi mwana wawo woyamba, ali kusukulu. Koma pachithunzipo anali munthu wamkulu kale, msinkhu wa amai anga aang'ono. Ine ndinalekela giledi seveni, ndipo ndinkadziwa kuti sukulu imakhala ndi pothela. Yawoyi inalibe.

Amuna anga ndiwo anandiyalila njila yonse. Pulaimale anaphunzila ku Luembe, banja lisanasamukile kuno. Sekondale ku Petauke, kenako yunivesite. Atamaliza anapita ku Joni, kuchoka kumeneko anaoloka nyanja kupita kudziko lozizila kumene anakatenga udokotala wa sayansi imene amaitcha fizikisi. Ndiye mungaganize kuti apa munthu akhala pansi. Ayi. Ankagwila ntchito pang'ono dziko ili, ikatha n'kukapempha dziko lina, ikathanso n'kunyamula katundu. Amuna anga ankati ndi mmene anthu a ntchito imeneyi amayambila onse. Ine ndinangoti chabwino, koma kwathu munthu akamasamukasamuka timafunsa chimene akumuthamangitsila. Potsiliza anabwelela m'dziko lathu lino n'kuyamba kuphunzitsa ku yunivesite.

Ndimagulitsa nthochi pamseu waukulu, pamene mabasi a ku Chipata amaima. Pamenepo palibe nkhani imene imafika n'kuchoka ili chimodzimodzi. Apongozi anauza mnzawo wina kuti mwana wawo amafufuza za pamwamba pa zinthu, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Pofika pa nthochi, za pamwamba zinali zitasanduka za kumwamba, ndipo mai wina wogulitsa pafupi nane anafunsa ngati amakwela ndege kapena amakwela zina. Tonse tinaseka. Koma kuseka kutatha, mai yemweyo anati dokotala wosabaya jekeseni, wogwila zosaoneka, wopanda mwamuna, wopanda mwana, iye samumvetsa. Anati maphunzilo ochuluka choncho salowa okha m'mutu, pamakhala chimene munthu wapeleka. Ine sindinaonjezepo mau. Koma makutu alibe chitseko.

Alamu anabwela kudzacheza mvula itangotha, mtedza tikukumba. Mwana wanga wamkazi anali atayamba kumene kukhala pansi yekha. Anabadwa ndi tsitsi lambili, lofewa, ndipo ngakhale tinamumeta potuluka m'chikuta, linamelanso msanga.

Ndinene zoona, alamu ndi munthu waulemu. Anatsika m'kagalimoto kawo n'kugwada pamaso pa amai awo, fumbi lonse m'maondo. Thelele anadya ndi manja ngati ife. Mwana anamubweletsela timalaya, ndipo ine ndinathokoza, kenako ndinakatichapa kaye n'kuyang'ana m'misoko ndisanamuveke. Sindinapezemo kanthu.

Tsiku lachiwili anandipempha kuti ndiwapelekeze kudimba. Kumeneko anavala magolovesi ngati a anesi, n'kuyamba kudula tizidutswa ta masamba a koko ndi a nthochi, kuika m'timabotolo, kulembapo. Anadontheza madzi patsamba la koko n'kundiuza kuti ndione mmene dontho likugubuduzikila ngati mkanda, osanyowetsa tsamba. Zimenezo ndinazidziwa ndili mwana, tinkafunda masamba amenewo mvula ikatipeza. Chimene sindinkadziwa ndi chifukwa chake. Iwo anati tsambalo si losalala monga tikulionela, lili ndi timapili ting'onoting'ono tothinana, ndipo madzi amangokhala pansonga pake osafika pansi. Anati akufuna kupanga galasi la sola lokhala ndi timapili totelo, kuti fumbi lisamakakamile. Apo ndinamva bwino, chifukwa sola yathu ndine ndimakwela pampando kuipukuta. Ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze tsambalo, iwo n'kundigwila mkono msangamsanga.

“Musagwile, alamu. Mafuta a m'manja aononga.”

M'manja mwanga ndinali nditasamba. Ndinabweza dzanja n'kulibisa m'chitenje.

Masana tikusenda mtedza pakhonde, apongozi anawafunsa za kuntchito. Alamu anafotokoza za chipinda chimene munthu salowamo ndi nsapato zake. Umavala chovala chophimba thupi lonse, kumutu osatulutsa tsitsi ngakhale limodzi, osadzola mafuta kapena paudala. M'menemo muli makina okhala ndi singano yoonda kwambili moti nsonga yake sioneka, ndipo singanoyo imayenda ikupapasa pamwamba pa chinthu ngati wakhungu ndi ndodo yake, n'kujambula chimene yapeza. Anthu amalankhula motsitsa, chitseko satseka mwamphamvu, chifukwa kugwedela pang'ono ntchito yaonongeka. Apongozi anati malamulo amenewo ndi a kwa sing'anga ndithu, changotsala ndi nkhuku yoyela. Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Anati kusiyana kwake n'kwakuti iwo chilichonse chimene apeza amalemba poyela kuti anzawo awatsutse. Anaonjeza kuti makina aakulu otelo ali kunja kwa anzawo, ndiye timabotolo tina amatumiza kutsidya kwa nyanja. Mau amenewo ndinawasunga osadziwa kuti ndiwafuna.

M'mawa mwake ndinasambitsa mwana kuseli kwa nyumba, alamu atandigwilila thaulo. Nditamupukuta ndinawasiyila mwana pamiyendo kuti ndikataye madzi. Pobwela ndi beseni ndinaona ali ndi kachitsulo kotsinila, konga kamene atsikana amazulila nsidze, akutola chinthu pathaulo. Anachiyang'ana padzuwa, n'kuika m'kabotolo, kutseka, kulembapo, kuponya m'chikwama. Atandiona anamwetulila, nati tsitsi la mwana uyu ndi loonda bwino, lotele sanalionepo.

Ndinaima ndi beseni m'manja. Amai anga anandilela kuti tsitsi ndi zikhadabo sizisiyidwa pabwalo. Ukapesa, umatola zonse n'kukaponya m'chimbudzi. La mwana wakhanda ndiye ayi ndithu, chifukwa munthu akakhala ndi tsitsi la mwana wako, ali ndi mwana wako. Ndimapemphela, ndimapita kusikelo mwezi uliwonse, katemela sindinaphonyepo. Koma ichi sindinachitaye, ndipo sindikudziwa mai wa pa Nyimba amene anachitaya.

Chinandisokoneza n'chakuti sanabise. Akanabisa ndikanadziwa pamene ndaima. Ndiye ndinkati mwina alibe mlandu, kenako n'kuti mwina ndi ochenjela kuposa obisa.

Sindinafunse. Kufunsa munthu kuti tsitsi la mwana wanga mukukachita nalo chiyani ndi kumutchula dzina lija, ndipo dzina limenelo likatuluka pakamwa silibwelela. Ife tikukhala pamalo a apongozi. Ine ndine wobwela. Ndinatenga mwana wanga n'kumubeleka, ndipo tsiku lonselo sanachokenso kumsana.

Amuna anga ndinawauza masana akukonza njinga. Anati asisi ndi mmene alili, ulendo wina anatenga phiko la gulugufe ndi mwaye wa kunsi kwa poto. Ndinati mwana wanga si gulugufe. Anati ndisiye zimenezo, koma ndinaona kuti sipanala yaima m'manja mwawo. Ndinawapempha kuti akapemphe okha, poti ndi mlongo wawo. Anakana. Anati asisi ndiwo anawabeleka kumsana ali mwana, ndiye ayambila pati kuwauza zotelo. Ndinawasiya. Mwamuna ukamukankha pa nkhani ya mlongo wake, amagwela mbali ya mlongo wake.

Ndinakasesa m'chipinda chimene alamu ankagona, ndinasesa mpaka pansi pa bedi. Chikwama chija munalibe. Chinali m'galimoto, galimoto yokhoma. M'mawa mwake ananyamuka. Anati akakhala masiku angapo ku Petauke, Lachisanu akalankhula ndi atsikana a pasukulu imene iwo anaphunzila, ndipo Loweluka adzadutsa pa Nyimba osaima chifukwa ophunzila awo akuyamba mayeso. Potsanzika anagwila mwana patsaya. Ine ndinamwetulila ngati mmene mlamu amayenela.

Tsiku lotsatila mwana anayamba kutsekula m'mimba. Pofika madzulo liwombo linali litalowa. Ndinathamanga naye kukiliniki. Anesi anamuyang'ana m'kamwa, nati mano akubwela ndipo akuika chilichonse kukamwa, anandipatsa timapaketi tosungunula m'madzi ndi timapilitsi, nati ndiziyamwitsa pafupipafupi. Ndinachita zonse monga ananenela, ndipo mwana anayamba kutsitsimuka pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti ana amatsekula pomela mano. Wa mnansi wanga anatsekula mwezi womwewo popanda womutolela tsitsi. Koma anesi anayankha zimene anaona, za kabotolo sindinawauze. Ndikamuyang'ana pamutu pomwe palowapo, ndinkaganiza za kabotolo kaja kakuoloka nyanja, kukalowa m'chipinda cha anthu ophimba nkhope, singano ikukapapasa.

Pa nthochi sindinauze aliyense. Ndikanauza mmodzi, nkhani ikanafika ku Petauke basi isanafike, ndipo akananditengela kwa mneneli tsiku lomwelo.

Lachinayi ndinauza apongozi kuti mailo ndikufuna kupita ndi mwana kwa amai anga ku Kaumbwe, akamuone poti wadwala. Anali akupeta mtedza. Anapitiliza kupeta nthawi yaitali osandiyang'ana. Kenako anati, “Mukamadutsa pa Petauke mukawapatse moni alamu anu. Mukadikile akhale okha.”

Sindikudziwa ngati amuna anga anawauza, kapena anaona okha tsiku lija. Sindinafunse.

Ndinakwela minibasi ya m'mawa. Pasukulupo mlonda anandilola nditanena kuti ndine mlamu wa alendo. Ndinapeza ayamba kale, holo yodzaza atsikana a yunifolomu, ndipo ndinaima pakhomo kumbuyo, mwana kumsana. Alamu anali kutsogolo ndi kompyuta, pambali pake kachinthu konga tochi kataimikidwa patebulo. Pakhoma panali kuwala, ndipo m'kuwalamo munagona zinthu ziwili zonga mitengo, china chonenepa chakuda ngati mtanda wa denga, china choonda chofiilila ngati munsi.

Anauza atsikanawo kuti chonenepacho ndi tsitsi la aphunzitsi awo a masamu, amene apeleka okha ngakhale latsala lochepa. Holo yonse inaseka, aphunzitsiwo akusisita dazi lawo. Kenako analoza choondacho, nati ili ndi la khanda, mwana wa mlongo wawo, loonda kuposa onse amene anapeza. Anati tsopano muganize kuti mwaling'amba m'litali, n'kung'ambanso, n'kung'ambanso kambilimbili mpaka kachidutswa kosaoneka ngakhale ndi chipangizo ichi. Pamenepo ndiye pamene ntchito yawo imayambila.

Ndiye ntchito yake inali imeneyo, kuonetsa ana a sukulu kuchepa kwa zinthu. Ndinamva, ndipo mtima unatsika pang'ono. Koma unakwelanso, chifukwa tsitsi la mwana wanga, limene ine ndimabisa ngakhale kwa mbalame, linali pakhoma lalikulu ngati munsi, maso a holo yonse ali pamenepo. Ana a eni ake, sindikudziwa kwawo, sindikudziwa agogo awo.

Ndinaima mpaka anamaliza. Anawauza zambili zimene kunyumba sanatiuzepo. Anati m'kalasi mwawo ku yunivesite mkazi anali yekha, ndipo mphunzitsi akafunsa funso anyamata ankatembenuka kuti aone ngati alakwitsa. Anati kudziko lozizila anakhala nthawi yaitali akuyesa chinthu chimodzi chikukanika, mpaka analongedza katundu kuti abwelele, kenako anamasulanso. Anati zolemba zawo zina akatswili anzawo anazibweza kangapo zisanalandilidwe, ndipo ngakhale tsopano akudikila kumva ngati awakweza kukhala pulofesa. Mtsikana wina anaimika dzanja n'kufunsa ngati ali pabanja. Anzake anamukoka dilesi. Alamu anati ayi, nafunsa ngati pali funso la fizikisi. Ndinawamvela chisoni. Koma chisoni ndi china, tsitsi ndi lina.

Atatuluka, aphunzitsi anawazungulila, zakumwa, zithunzi. Ine ndinakakhala pansi pa mtengo pafupi ndi galimoto yawo n'kuyamwitsa mwana. Kudikila sikundivuta, ndi ntchito yanga ya pamseu. Dzuwa litapendeka anabwela okha atanyamula chikwama. Atandiona anadzidzimuka, nafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta. Ndinati ayi, onse ali bwino, apeleka moni. Ndinagwada pang'ono.

“Alamu, ndabwelela tsitsi la mwana.”

Anayamba kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako anayang'ana mwana, maso ake olowa, milomo youma, ndipo kuseka kunathela panjila.

“Wadwala?”

“Anatsekula m'mimba. Akupezako bwino.”

“Ndiye munaganiza kuti ndine.”

“Sindinanene choncho, alamu.”

“Simunanene. Mwangokwela basi.”

Anatsamila galimoto. Ine ndinayang'ana pansi. Kenako anati anaiwala. Anati iwonso ali mtsikana ku Luembe, akaluka, amai awo ankawatolesa tsitsi lonse pamphasa kuti akataye, ndipo akasiya limodzi ankakalipidwa. Zaka zonsezi tsitsi kwa iwo lasanduka chinthu choyezela, ngati lula. Anati anayenela kundipempha. Sanapepese mopitilila apo, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu wopepesa yekha, inalinso ya munthu amene wapwetekedwa.

Anatsegula chikwama n'kundipatsa kabotolo. Anatulutsanso tigalasi tiwili tomatana, pakati pake pali kachidutswa kamene kanali pakhoma kaja, nandipatsa. Ndinafunsa za chithunzi. Anandiyang'ana, kenako anatsegula kompyuta pamwamba pa galimoto, nandionetsa chithunzicho, nachifafaniza ine ndikuona. Anatsegulanso pena, nati apa ndi pamene zofafanizidwa zimagona, nafafanizanso pamenepo. Za makina sindizidziwa. Ngati pali pena pachitatu, sindinganene.

Ndinkati tatha. Koma iwo anatenga kalumo m'chikwama momwemo, napinda khosi, nadula tsitsi lawo la kunkhongo. Analiika m'kabotolo katsopano, nalembapo dzina lawo, nandigwilitsa m'manja.

“Ili ndi langa. Sungani. Mwana akadwalanso, mukhale nacho chogwila.”

Sindinadziwe ngati ndi mkwiyo kapena chikole. Mwina zonse. Kukana sindikanatha, chifukwa ndine ndinayambitsa. Ndinamanga timabotolo tonse pansonga ya chitenje. Anandipeleka pa galimoto mpaka pokwelela za ku Kaumbwe, ndipo panjila tinangolankhula za mtedza, kuti chaka chino wabeleka.

Ndili m'galimoto ya kwathu ndi pamene ndinazindikila chimene ndanyamula. Ndine mai woyenda ndi tsitsi la mkazi mnzake m'kabotolo, dzina lake litalembedwapo. Mfundo ikanamasuka, kabotolo n'kugubuduzika pakati pa anthu, ndani akanamva kufotokoza kwanga? Ndinaigwila mfundoyo njila yonse mpaka dzanja linachita dzanzi.

Kwathu ndinangofika n'kupita kuchimbudzi. La mwana ndinaponyamo, pamodzi ndi tigalasi tija, ndipo ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. La alamu ndinabwela nalo. Ndikaliponya, iwo n'kudwala kapena upulofesa uja n'kukanika, ndani adzakhale woyamba kuganizilidwa? Ndikalisunga, chimodzimodzi. Amai anga atamva zonse anagwila pakamwa, nati chinthu chimenecho chisagone m'nyumba mwawo. Chinagona m'munda, pansi pa mwala. Anati tsitsi la munthu likasowa kopita limabwelela kwa amene anamubala.

Nditabwelela ku Nyimba ndinapeza apongozi ali okha kukhitchini, ndinagwada n'kuwapatsa tsitsi la alamu lija m'kabotolo kake. Anayang'ana dzina lolembedwalo, ngakhale sawelenga, naliika m'kamisolo. Anangofunsa ngati mwana akuyamwa bwino. Ndinati akuyamwa. Kumene analipititsa sindikudziwa, ndipo nkhaniyi ine ndi iwo sitinaikambenso.

Mwana anachila, mano awili anatuluka. Ngati anachila ndi timapaketi ta kukiliniki kapena ndi ulendo wa ku Petauke, ndinasiya kudzifunsa, poti zonse ndinachita.

Alamu anabwelanso pa Khisimasi. Upulofesa anali akudikilabe. Anagwada kwa amai awo monga kale, anandipatsa moni bwinobwino, koma mwana sanamufikile. Anakhala pampando manja atapinda pamiyendo, ngati mlendo wa kutali. Mwanayo anali atayamba kuyenda chogwilila, ndipo anatsata mphepete mwa tebulo mpaka anakagwila maondo awo, akuwayang'ana kumaso. Iwo sanasunthe manja. Anayang'ana ine.

Apongozi anali pomwepo, amuna anga pakhomo. Ndinanyamuka, ndinamunyamula mwana n'kumukhazika pamiyendo pawo, ndinati awa ndi azakhali ako. Anamugwila mosamala, mwana n'kuyamba kuwakoka magalasi.

Koma m'mawa umenewo, nditamva kuti akubwela, ndinali nditamuveka mwana chipewa cha ulusi, chomanga kuchibwano. Kunja kunkatentha moti nkhuku zinali zitayasamula pansi pa nkhokwe. Alamu anachiona chipewacho. Ine sindinachivule.